Mlangizi Wachiwiri wa ku Birkenroda

Birkenroda, 13 Epulo 1992

Grit mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Stuttgart kwanuko. Ife kuno tilipo, kungoti mawondo angawa ayamba kulosera mvula kuposa a pawailesi. Kalata yako ya mu Febuluwale ndinaiwerenga kawiri, ndipo sindinachedwe nayo chifukwa inali mizere isanu ndi iwiri basi. Kodi kumadzuloko mapepala ndi odula?

Chisanu chatha, ndiye ukudziwa kale kumene kuli bambo ako. Anatsegula bwalo la ndege Loweruka lapitali. Ndege zawo zopanda injini zija anazitulutsa m'shedi n'kuzipukuta ngati makanda, makina okokera ndegezo kumwamba ndi chingwe nawo analira, utsi uli tolotolo. Ine ndinapita ndi khofi ndi mabanzi monga ndachitira zaka zonsezi, ndipo nditafika ndinangoti kukamwa yasa. Anthu, Grit! Ophunzira 34. Kale lija boma linkasankha woti auluke, wokhala ndi m'bale kumadzulo ankangoonera kunja kwa mpanda. Lero khoma logawa dziko lathu pakati lija linagwa, aliyense akufuna kukwera kumwamba, ndipo poti mafakitale atseka, nthawi ali nayo yotaya. Kuli wophika buledi, kuli anamwino awiri, kuli ndi mkulu wina wadazi amene ndinkamuona pa thirakitala.

Nanga alangizi? Uwe anapita ku Kassel kukamanga nyumba za eni ake. Detlef akugulitsa inshuwalansi, wavala tayi, Loweruka alibe nthawi. Horst dokotala anamuletsa chifukwa cha shuga. Iwe ndi uyo uli uko. Pa alangizi asanu watsala mmodzi, wa zaka 63, ndipo ndi amene ndimamuchapira malaya. Tinkalira ufulu wouluka, ndi umenewu. Walira mvula walira matope.

Lamulo lija ukulidziwa kuposa ine: wophunzira sauluka yekha mpaka mlangizi wachiwiri atakwera naye n'kuvomereza. Popanda wachiwiriyo palibe amene akumasuka. Onse 34 akulimbirana mpando umodzi wakutsogolo, ndipo kumpando wakumbuyo kumakhala munthu mmodzi yemweyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Akabwera kunyumba amagona supuni ili m'manja.

Ndinamuuza kuti, "Lothar, mulembere mwana wako." Iye akuti, "Akudziwa kumene kuli bwalo, silinasamuke." Ndiye ndalemba ndine. Bwera Loweruka limodzi ndi Lamlungu lake, ukwere nawo okonzekawo, bambo ako apumeko. Ndidzakuphikira nyama ya nkhumba ndi kabichi wofiira uja.

Undiuze ngati ukudya mokwanira.

Mayi ako,
Irmtraud

*

Stuttgart, 26 Epulo 1992

Mutti,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Mawondowo muziwafunditsa, ndipo musamanyamule nokha botolo lalikulu la khofi lija kukwera nalo chitunda cha kubwalo. Pa anthu 34 palibe ndi mmodzi yemwe wamanja?

Ine ndili bwino. Ndimajambula mapulani a zitseko za galimoto kuyambira seveni koloko mpaka abwana atatopa. Ndili pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, ithera pakati pa Ogasiti, ndipo kufikira pamenepo akanena kuti Loweruka tibwere, ndimabwera ndikumwetulira. Tinalowa atatu ochokera kum'mawa. Mmodzi anapempha tsiku limodzi kuti akaone mwana wake wodwala, pano akutsuka mbale kusiteshoni. Sitima yobwera kwanuko ndi maola asanu ndi atatu, kusintha katatu. Kuti ndikhale pabwalo Loweruka m'mawa ndiyenera kujomba Lachisanu, ndipo ine kujomba sindingathe.

Komanso Mutti, tisanamizane. Bambo anga, Vati, akanakhala kuti akundifuna akanalemba okha, cholembera amachidziwa. Tsiku lija ndinkanyamuka sanabwere n'kusiteshoni komwe. Mawu awo omaliza anali akuti, "Zaka khumi ndakuphunzitsa kuwerenga mitambo kuti ukajambule zitseko za eni ake?" Ndinawayankha kuti mitambo silipira lendi. Chiyambire pamenepo sitinalankhulane. Sakufuna ine ayi, akufuna dzina langa pa pepala.

Bwanji osapempha mlangizi wa bwalo lina? Ndaikamo ndalama, mamaki 200, agulire chingwe chatsopano, chakale chija chinali mfundo zokhazokha.

Mwana wanu,
Grit

*

Birkenroda, 11 Meyi 1992

Grit,

Moni. Mayi ako akuti sindidziwa kulemba, ndiye kalata ndi iyi. Chingwe tagula, zikomo. Koma chingwe sichikhala kumbuyo kwa wophunzira.

Za mabwalo ena ndinayesa usanandiuze. Onse oyandikira ali ngati ife, mlangizi mmodzi ndi mzere wa anthu, akachoka tsiku limodzi ndiye kuti kwawo kwatsekedwa. Wina wa kumadzulo analonjeza. Anafika tsiku la mvula, anadya soseji zitatu, anatiuza kuti shedi yathu ndi yakale kuposa agogo ake, n'kupita.

Okonzeka kuuluka okha alipo asanu ndi anayi. Woyamba ndi Reinhard Kutzner, wadazi uja mayi ako amamuti wa thirakitala. Ali ndi zaka 52. Anamuchotsa pabwalo ali ndi zaka 21 chifukwa mkulu wake anathawira kumadzulo, kutatsala sabata imodzi kuti auluke yekha. Wadikira zaka 31. Kuyambira chaka chatha ndakwera naye maulendo 88, pamene ena amamasuka pa 50. Amatera bwino kuposa Detlef. Loweruka lililonse amandifunsa, "Lothar, lero?" Ndimamuyankha kuti akafunse mwana wanga.

Ndikufuna masiku awiri. Ukakwera nawo asanu ndi anayiwa n'kuwavomereza, aziuluka okha pa ndege ya mpando umodzi ija, ine ndizingowayang'ana ndili pansi, ndipo maulendo anga atsika ndi theka. Dzulo ndinakwera ka 38. Sindikudandaula, ndikungokuuza mmene zilili.

Chiphaso chako chauphunzitsi chikugwirabe ntchito mpaka Disembala, ndinafufuza.

Bambo ako,
Lothar

*

Stuttgart, 24 Meyi 1992

Vati,

Ndakondwa kuona zolemba zanu, ngakhale simunafunse ngati ndili moyo. Ndili moyo.

Ndinakaonana ndi abwana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mayi Hanisch, mukufuna ntchito kapena mukufuna tindege?" Ndinabwerera pa tebulo langa.

Koma ndaganiza njira. Mu envulopu muno muli mapepala ovomereza asanu ndi anayi. Ndasaina onse, tsiku ndi dzina la wophunzira mulembe nokha. Inu mwaphunzitsa zaka makumi atatu, ine ndine ndani kuti ndikayeze munthu amene inu mwati wakhoza? Ndinu amene munandiphunzitsa ineyo. Ndikanabwera ndikanangokwera mphindi zisanu ndi chimodzi n'kunena zomwe mukudziwa kale. Palibe adzafunse, masiku ano maofesi sakudziwa n'komwe kuti lamulo lakale ndi liti, latsopano ndi liti.

A Kutzner auluke Loweruka lino, inu mukhale pa mpando wapansi mumwe khofi wa Mutti. Ndachita izi chifukwa 38 ija yandisowetsa mtendere.

Grit

*

Birkenroda, 1 Juni 1992

Grit,

Mapepala ako ndi awa, uwawerenge, onse asanu ndi anayi alipo.

Mlangizi wachiwiri sanamuikire kukayikira wophunzira. Anamuikira kukayikira ine. Ukakwera ndi munthu ka 90 umayamba kumukonda, ndipo zolakwa zake suzionanso, mwinanso unamupatsira ndiwe. Pamafunika maso ena. Dzina lobwera pa positi silingaone ngati Kutzner amaiwala kuyang'ana kumanzere asanakhote. Akadzagwa, mkazi wake ndidzamuonetsa chiyani, pepala?

Ndinkaganiza kuti pa zonse zimene ndinakuphunzitsa, chimenechi ndiye unachigwira. Ngati kumadzuloko akukuphunzitsa zotere, khala konko.

Lothar Hanisch

*

Birkenroda, 22 Juni 1992

Grit mwana wanga,

Moni wochokera kwa mayi ako amene ali pakati pa mbuzi ziwiri zogundana mitu. Zimene bambo ako anakulembera sindinazione, koma ndinaona nkhope yake pomata envulopu, ndipo masabata atatu adutsa iwe uli chete. Kaya anati chiyani, uziike pambali kaye, chifukwa ndili ndi nkhani imene iye wandiletsa kukuuza.

Bambo ako akudwala mtima.

Loweruka ndinafika ndi khofi cha m'ma leveni. Ndege inali itatera, ophunzira akuikankha kubwerera nayo poyambira, koma iye panalibe. Ndinamupeza kuseri kwa shedi atakhala pa tayala, nkhope yotuwa, dzanja lili pachifuwa, malaya ali chonyowa. Ndinati, "Lothar, n'chiyani?" Akuti, "Soseji ya dzulo." Ndinati, "Soseji imeneyi ndi ya kale bwanji, poti ndakhala ndikupeza timabotolo ta mapiritsi m'thumba la jekete lako kuyambira Meyi?" Mapiritsiwo amamupatsa ndi Horst, otsala ake, chifukwa akapita kwa dokotala weniweni amulanda chiphaso tsiku lomwelo.

Ndinamukalipira, Grit, anthu akumva. Ndinati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iye akuti, "Irmtraud, tsitsa mawu. Ndikaima ine, bwalo laima. Anthu awa ena adikira moyo wawo wonse. Dokotala wa ndege ndikaonana naye mu Okutobala, akandiletsa andiletse, koma ndikhale nditawamasula." Ndinati, "Nanga ukakomokera kumwamba uli ndi namwino wa maulendo atatu kutsogolo?" Kenako akuti, "Atsopano ndiziwakweza m'mawa ndikadali ndi mphamvu. Masana ndizikwera ndi okhawo otha kutera okha." Waona nzeru za bambo ako? Wakonza kale ndi mmene adzafere.

Tili pomwepo kunatulukira wophika buledi uja akufuula, "Lothar, mphepo yakoma, ukugona?" Bambo ako anadzuka, n'kumwetulira, n'kuti, "Ndimayembekeza kuti uphunzire kumanga lamba wekha, chimimba iwe!" Onse anaseka. Tsiku limenelo anakwera ka 41.

Ine ndili ndi mantha, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndikamva makina aja akulira ndimasiya chimene ndagwira mpaka nditaona ndege yatera. Ndaganizapo zokamuneneza kwa dokotala ndekha, koma zaka 39 za ukwati sindinamuchitepo chiwembu, ndipo sangandikhululukire. Iwe wekha ndiye ungamutsitse pa mpando uja popanda kumuchititsa manyazi. Masiku awiri, Grit. Uwanamize abwana akowo kuti ndamwalira ine, ndivomera.

Mayi ako

*

Birkenroda, 20 Julayi 1992

Grit,

Uli moyo? Mwezi wathunthu ndakhala ndikuthamangira wa positi ngati mtsikana wodikira chibwenzi. Ndinakaimba foni ku positi ofesi pa nambala ya kunyumba kwako, mayi wina anayankha mwamwano kuti kulibe munthu woteroyo, n'kudula. Ya kuntchito sunatipatse.

Ngati wakwiyira bambo ako, ine ndakulakwira chiyani? Ophunzira afika 39. Sabata yatha bambo ako analephera kukwera masitepe a kuchipinda, anagona pa sofa, m'mawa n'kunena kuti kumwamba kumatentha. Yankha, ngakhale mzere umodzi.

Mayi ako

*

Stuttgart, 2 Ogasiti 1992

Mutti wanga,

Pepani, pepani. Ndinasamuka kumayambiriro kwa Juni, ndinapeza chipinda chotsikirako mtengo pafupi ndi ntchito. Adiresi yatsopano sindinakutumizireni, ndipo sindinama, sikunali kuiwala. Munthu atandiuza kuti ndikhale konkuno, ndinati chabwino, ndikhala. Makalata anu awiri mwini nyumba wakale uja anawaponya m'dirowa. Ndawatenga dzulo nditapita kukatenga nsapato zanga zachisanu, ndipo ndawawerengera pa masitepe ake pomwepo.

Bwanji Vati sananene? Analemba za chingwe, za a Kutzner, za chiphaso changa, koma za chifuwa chawo ayi. Ine ndinkaona ngati akungofuna wantchito waulere. Ndikanadziwa mu Meyi ndikanakwera sitima, ntchito ikanatha ithe.

Pa 14 andilemba ntchito yokhazikika, anena kale. Ndapempha Lachisanu la pa 21 ndi Lolemba lotsatira ndipo avomera. Ndifika ndi sitima ya madzulo, Loweruka ndi Lamlungu ndikhala kumpando wakumbuyo mpaka womaliza. Ndikatero Lolemba ndiwatengera ndekha kwa dokotala, afune asafune.

Muwauze atseke bwalo mpaka ndifike. Ndi masabata atatu okha, amene anadikira zaka 31 sangafe nawo. Ngati akana, mubise makiyi a makina okokera aja, muwaike m'chitini cha ufa, sanatsegulepo chiyambire.

Mundilembere msanga, adiresi ili kuseri.

Grit

*

Birkenroda, 10 Ogasiti 1992

Grit,

Moni mwana wanga. Mayi ako andiwerengera kalata yako mokweza, kawiri, ndipo makiyi ndawapeza mu ufa. Mayi ako amakuza zinthu. Ndimatopa, ndani satopa?

Kutseka bwalo sindingathe, tsopano ndiye ayi. Ukubwera kamodzi, ndipo sindikudziwa udzabweranso liti. Asanu ndi anayi aja alipo, koma pali ena asanu amene atsala pang'ono. Ndikawakankha masabata awiriwa, udzapeza khumi ndi anayi. Ndiye tayamba kuuluka tsiku lililonse, anthu amanga matenti m'mphepete mwa bwalo, akazi awo akuphika pamoto. Lero kwagwa mvula, n'chifukwa chake ndapeza mpata wolemba. Ukadzachoka ndidzapuma, ndipo kwa dokotalako ndidzapita, ndalonjeza pamaso pa mayi ako.

Kutzner ndasiya kumulankhula tikakwera. Ndimapinda manja n'kukhala duu, monga ndinkachitira ndi iwe utatsala pang'ono kumasuka. Atamva kuti ukubwera anakameta tsitsi lake lonse lisanu lija.

Mapepala aja unalakwitsa, pamenepo sindisintha. Koma mawu anga omaliza aja anapitirira muyeso. Ndidzakuchingamira kusiteshoni.

Bambo ako

*

TELEGALAMU
Birkenroda, 19 Ogasiti 1992

BAMBO AKO ATISIYA LERO MASANA PABWALO. BWERA. MUTTI.

*

Stuttgart, 30 Ogasiti 1992

Mutti,

Ndinafika bwino. Ndikhulupirira azakhali a Hannelore akadali nanu ndipo mukudyako kanthu.

Abwana amene anandimana masiku awiri kwa miyezi inayi, atangoona telegalamu anandipatsa sabata yathunthu osafunsa kanthu. Anandigwira ndi dzanja lomwe. Ndinafuna kuwalavulira.

Kumaliro kuja sitinalankhulane. Inu munali ndi alendo, ine ndinkathawa maso a anthu. Aliyense ankangondiuza kuti "anapita akuchita chimene ankachikonda," ndipo a Kutzner atandiona anatembenuka n'kutuluka m'tchalitchi. Palibe amene wandiuza chimene chinachitika kumwambako. Mundiuze inu, musandibisire. Mundiuzenso ichi: kodi ndi lonjezo langa lija linawapha? Ndikanapanda kutchula tsiku, sakanayamba zouluka tsiku lililonse.

Ndaganiza zosiya ntchito. Ndibwera kudzakhala nanu, nditenge mpando wa Vati. Anthu 39 aja sangangotsala choncho, ndipo ndikapanda kutero ndiye kuti Vati anafera chabe. Kalata yosiyira ntchito ndalemba kale, ili m'chikwama. Ndikungodikira mawu anu.

Grit

*

Birkenroda, 7 Seputembala 1992

Grit mwana wanga,

Ndilipo. Hannelore anapita Lachinayi, ndinamuuza ndine kuti azipita, ankalira kuposa mwini maliro. Ndikudya.

Wafunsa, ndiye ndikuuza monga anandiuzira Reinhard Kutzner mwini wake. Anabwera Lachisanu, anaima pakhomo chipewa chili m'manja, ndinachita kumukoka kuti alowe.

Linali Lachitatu, cha m'ma thu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Unali ulendo wa 27 wa bambo ako tsiku limenelo. Makina anawakoka bwinobwino, anamasula chingwe ali pamwamba. Pamenepo bambo ako anati, "Ndege ndi yako, Reinhard. Chita monga ukudziwira." Sanalankhulenso.

Mwambo wanu uja ukuudziwa, woti mlangizi akakhala chete ndiye kuti wakhutira nawe. Reinhard anali atauzolowera masabata awiri onsewo. Ulendo wophunzira umatha mphindi zisanu ndi chimodzi, kuzungulira bwalo n'kutera. Koma tsiku limenelo, atangokhota, anakumana ndi mpweya wotentha wokwera pamwamba pa munda wa tirigu wokololedwa uja. Anafunsa, "Lothar, ndiugwire?" Kumbuyo kuli zii. Reinhard anati mumtima, akundiyesa, akufuna aone ngati ndingasankhe ndekha. Anaugwira. Anakwera, nakwerabe, kuposa mmene anakwererapo moyo wake wonse. Akuti anaona mpaka tchalitchi cha kwawo kumene anabatizidwira. Ankamulankhula bambo ako njira yonse, "Ukuona, nkhalamba iwe? Ukuona wa thirakitala?" Mpaka anaimba nyimbo. Wakutsogolo saona wakumbuyo, ukudziwa wekha, malamba amakugwira mapewa.

Anakhala kumwamba mphindi 34. Anatera mofewa moti anthu pansi anaomba m'manja. Anatsegula chivindikiro akuseka, n'kutembenuka kuti amve chimene mlangizi wake anene.

Mmodzi wa anamwino aja anayesa zonse pa udzu pomwepo. Dokotala atafika anati akanatsika msanga mwina akanamupulumutsa, mwinanso ayi. Mawu amenewo anawanena Reinhard akumva. Munthuyo sakugona, Grit. Anakhala pa mpando wa bambo ako kukhitchini kuno akulira ngati mwana, akuti, "Mayi Hanisch, ndinkaimba. Munthu akufa kumbuyo kwanga ine ndinkaimba." Ndinamuuza kuti anachita zimene anaphunzitsidwa. Akuti sadzapondanso pabwalo.

Za lonjezo lako, sindikunamiza. Inde, anauluka mopitirira masabata amenewo chifukwa unkabwera. Ndiponso zaka zitatu zapitazi sindinamuonepo wosangalala ngati masiku amenewo, ankaimba mluzu pometa ndevu. Zonse ziwirizi ndi zoona, uzisenze zonse. Ndinakukwiyira, ndipo pang'ono ndikadakwiyabe. Iye ndamukwiyira kwambiri. Koma amene ankadziwa za mapiritsi kuyambira Meyi, n'kumapitabe ndi khofi m'malo mopita kwa dokotala, ndine.

Tsopano za kalata ili m'chikwama chakoyo. Loweruka ophunzira anapita kubwalo. Anatsegula shedi, anatulutsa ndege, anaikankha mpaka poyambira, n'kukhala pa udzu mpaka madzulo, popanda woti akwere kumbuyo. Dzulo atatu a iwo anabwera kuno ndi maluwa ndi buledi. Analankhula mozungulira, koma ndinamva. Akufuna ndikulembere kuti ubwere. Akuti mwana wa Lothar yekha ndiye angapulumutse bwalo.

Ndinawathira khofi, ndinawathokoza chifukwa cha maluwa, ndipo ndinawauza kuti ndilemba. Ndiye ndi iyi ndikulemba.

Ukabwera, udzakhala wekha kumpando wakumbuyo uja. Ophunzira 39, ndipo chaka chamawa adzakhala 50. Khumi ndi anayi aja udzakwera nawo n'kuwamasula, chabwino. Nanga otsatira awo, amene udzawaphunzitse iwe, wachiwiri wako adzakhala ndani? Uwe? Detlef wa tayi? Udzalembera yani makalata? Ndinu amodzi iwe ndi bambo ako, simudziwa kunena kuti ndatopa. Ophunzirawo ndiwo adzakuombera m'manja, ine ndiye ndidzaime pa zenera kumvetsera makina aja.

Chilimwe chonse ndakupempha kuti ubwere, ndipo unali ndi zifukwa zako. Lero ndikukupempha chinthu chimodzi, ndipo pa ichi sindikufuna kumva chifukwa chilichonse. Ng'amba kalatayo. Jambula zitseko zako. Ndege azigulitse, bwalo alimepo mbatata, ine sindidzalira. Ndinapereka mmodzi, wakwana.

Usabwere, Grit. Pa Khirisimasi ndidzakwera sitima ndine, undilembere posinthira patatu paja.

Mayi ako,
Irmtraud